Kazembe wa Mabotolo

Kunyumba kwawo ankamutchula kuti Wailesi. Dzinali anam'patsa ndi amalume ake iye akadali wamng'ono, chifukwa akadzuka m'mawa n'kutsegula pakamwa, womutseka anali tulo basi. Mayi ake ankadandaula kuti mwanayu anabadwa wopanda kabatani kozimitsira. Koma pakamwa pomwepo ndi pamene panadzam'pezetsa ntchito. Atamaliza maphunziro a zamalonda ku yunivesite, anzake ambiri ankangozungulira m'maofesi, maenvulopu ali m'khwapa, nsapato zikutha zidendene. Iye ataitanidwa kukayesedwa pa kampani ina ya zakumwa, ofunsa mafunso anam'patsa botolo lopanda kanthu n'kumuuza kuti awagulitse. Analankhula mpaka mmodzi wa iwo anaiwala kuti ndi mayeso, n'kufunsa mnzake ngati chakumwacho chinafika kale m'masitolo.

Ntchitoyo inali ya kunja kwa dziko. Kampaniyo inkatenga achinyamata ongomaliza kumene maphunziro n'kuwatumiza kumayiko ena kuti akadziwitse anthu zakumwa zake, ndipo udindowo ankautchula kuti kazembe wa kampani. Bambo ake, mphunzitsi wopuma pa ntchito amenenso anali mkulu wa mpingo, anagwira liwu limodzi lokhalo.

"Ababa, si ukazembe wa boma ayi," anatero Wailesi. "Ndikukagulitsa zakumwa. Zina ndi zoledzeretsa."

"Kazembe ndi kazembe," anayankha bambowo akupinda nyuzipepala. "Zing'onozing'onozo uzikatiuza ukakafika."

Mayi ake anangoseka ali kukhitchini. "Asiye, mwanawe. Makutu a bambo akowa ali ndi sefa."

Mzinda umene anafikirako unali wa anthu oyenda mothamanga ngati asiya mkaka pamoto. Chinenero chawo anachiphunzirako m'kalasi, koma chambiri anachitola m'masitolo, kwa azimayi a pakauntala ndi alonda a pakhomo. Ankalakwitsa mopanda manyazi. Tsiku lina, pofuna kunena kuti chakumwa chake chimatsitsimutsa kukhosi, anauza mwini sitolo wina kuti chimatsitsimutsa apongozi. Mkuluyo anaseka mpaka kugwira shelefu, kenako anaitanitsa makatoni, ati akayesere kunyumba.

M'mawa uliwonse ankayambira kunyumba yosungira katundu. Ankavala malaya obiriwira a kampani, n'kulongedza m'galimoto chikwama choziziritsira zakumwa, timakapu tolawitsira ndi zithunzi zomata pakhoma. Galimotoyo inali yaing'ono, koma m'mbali mwake anajambulamo chibotolo chachikulu chothonyezera mame. Zakumwa zinali ziwiri, zonse za maapozi: cha botolo lobiriwira chinali choledzeretsa, cha botolo lachikasu chinalibe mowa ngakhale dontho. Posakhalitsa Wailesi anadziwa kuti nkhondo yonse ya ntchitoyi ili m'firiji. Botolo lokhala pamzere woyang'anana ndi maso limagulidwa, koma lokhala pansi ndi lamasiye. Choncho akalowa m'sitolo ankayamba wafunsa za mwana amene ankadwala, za denga limene linkadontha, za timu ya mpira imene inagonja, ndipo potuluka mabotolo ake amakhala atakwera masitepe.

Malo amodzi okha ndi amene anam'kanika: bala ya pamphambano, pafupi ndi poimikira matakisi. Masana inkadzaza ndi madalaivala odzadya, madzulo inkadzaza ndi ochokera m'maofesi. Mwini wake anali mayi wamtali, wosaseka wamba, amene ogulitsa malonda a makampani onse ankamutchula kuti Mayi Ayi. Wailesi anapitako kangapo. Ulendo uliwonse mayiyo ankamvetsera mpaka kumapeto akupukuta matambula, kenako n'kutulutsa liwu lake limodzi lija.

"Khomo la bala imeneyo ndi mwamuna wake," anamulangiza abwana ake a zamalonda, munthu wamfupi amene ankakonda kulankhula akuyang'ana pafoni. "Amakhala kumapeto kwa kauntala. Um'siyireko mabotolo obiriwira ulendo uliwonse, adzakulankhulira yekha. Anzako onse amatero."

"Nanga anzangawo analowa?"

Abwanawo anakweza maso kwakanthawi, n'kuwabwezera pafoni.

M'nyengo imeneyo ndi pamene bambo a Wailesi anabwera. Ng'ala inali itawaphimba maso moti powerenga ankachita kununkhiza buku, ndipo Wailesi anawakonzera zoti adzachotsedwe ng'alayo pachipatala china cha mumzindamo. Anatsika ndege atavala suti yawo ya Lamulungu. Chibotolo cha pagalimoto sanachione. Anangoona zobiriwira, n'kusisita chitseko mokhutira.

"Akupatsa ndi galimoto yomwe," anatero. "Ndinanena ine."

Wailesi ankakhala m'chipinda chimodzi chokhala ndi kakhitchini pakona, m'nyumba yosanja. Bedi anawasiyira bambo ake, iye n'kuyala matiresi pansi. Pambali pa bedi panali makatoni osanjikizana amene anawafunditsa nsalu kuti akhale tebulo, ndipo bambowo anaikapo Baibulo lawo ndi chipewa.

"Ababa, amenewo ndi makatoni a kuntchito," anawachenjeza.

"Ndi olimba bwino," anayankha, n'kugona.

Adokotala atachotsa bandeji, dziko linawabwerera bambowo lonse nthawi imodzi. Anaona mizere ya m'manja mwawo, anaona masamba a mitengo lililonse palokha, anaona kuti mwana wawo wanenepa masaya. Anaseka ngati kamwana m'njira yonse ya m'chipatala. Kenako anatuluka panja n'kuona galimoto.

Anakwera, n'kubwerera kunyumba. Atalowa anapita molunjika pa tebulo lija, n'kukweza nsalu ndi zala ziwiri, n'kuwerenga. Manambala a mphamvu ya mowa safuna womasulira. Ananyamula Baibulo lawo n'kulipukuta ndi mkono wa jekete.

"Ndiye ukazembe wake ndi umenewu?"

"Ndi umenewu, Ababa. Ndinakuuzani ndisananyamuke."

"Ine kuima pachoko moyo wanga wonse, mayi ako kusoka mpaka msana kupindika, kuti digiri yako idzathere pothirira anthu mowa? Kumpingo ndikawauza chiyani?"

Wailesi anakhala pa matiresi ake n'kuwayang'ana. Mtima wake unali m'malo. "Mukawauze zoona. Munandiphunzitsa ndinu kuti ntchito imene munthu akuchita nayo manyazi asaigwire. Ine iyi sindichita nayo manyazi. Sindiba, sindinamiza munthu, mwana sindim'thirira, woledzera sindim'thirira. Ndimaidziwa ntchito imeneyi, Ababa, ndipo ndimaitha."

"Wakula pakamwa."

"Ndinabadwa napo."

Bambowo anatembenukira kukhoma. Chakudya anadya, koma mwakachetechete, ngati mlendo wapamaliro.

Adokotala anali atalamula kuti m'masiku oyambirira wodwalayo asamakhale yekha, ndiponso kuti azidonthezedwa mankhwala m'maso pafupipafupi. Wailesi analibe wowasiyira, choncho m'mawa mwake anawakweza m'galimoto ya chibotolo ija. Anakhala kutsogolo atavala magalasi akuda, chipewa atachitsitsira pamphumi ngati kuti mumzindamo muli wa kumpingo kwawo amene angawazindikire. Pa sitolo iliyonse ankatsala m'galimoto. Koma mawindo a masitolo ndi aakulu, ndipo maso anali atsopano. Ankamuona mwana wawo akulowa, eni masitolo akum'kweza manja, wina akumuonetsa chithunzi cha khanda, wina akum'tsegulira firiji kuti asanje yekha. 

Pa bala ya pamphambano anafika dzuwa litapendeka, madalaivala atadya kale n'kubwerera ku matakisi awo. Kunja kunali kutentha kwambiri, ndipo poimika galimoto panalibe mthunzi.

"Simungatsale muno, Ababa. Mupsa. Tiyeni mukakhale pampando pafupi ndi khomo."

"Chibadwire changa sindinapondemo m'bala."

"Panopa muli mipando yokhayokha. Mipando siledzera."

Analowa chipewa chili m'manja, akuponda mosamala ngati pansi pali minga, n'kukhala pampando woyamba. M'katimo munali mozizira. Mayi Ayi anali kuseri kwa kauntala akupukuta matambula. Kumapeto kwake kunali mwamuna wake, mutu atautsamiritsa padzanja, maso ali psuu.

Wailesi anapereka moni, n'kufotokoza kuti mkuluyo ndi bambo ake amene achokera kuchipatala. Anaika chikwama chake pakauntala n'kuyamba kundandalika timakapu. Asanatsegule botolo, mwamuna uja anadzuka n'kubwera akugwira m'mphepete mwa kauntala. Fungo linafika iye asanafike.

"Thira, mtsikana," anatero akukankhira kakapu patsogolo. "Chobiriwiracho."

"Pepani, bambo. Lero chobiriwira ayi. Ndikuthirirani chachikasuchi, ndi chozizira bwino."

"Ukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani. Ndinu abambo a pano."

"Ndiye thira! Anzako onse amathira. Amasiyanso ndi mabotolo."

"Amenewo ndi anzanga. Ine munthu amene wamwa kale sindimuonjezera."

Mwamunayo anamenya kauntala, timakapu n'kudumpha. Anatambasula dzanja kuti atsegule yekha chikwamacho, koma Wailesi anatsamira chivindikiro ndi chikhatho chake n'kuima chilili, akumuyang'ana m'maso mopanda ukali. Mayi Ayi anasiya kupukuta. 

Bambo a Wailesi, amene sankamva ngakhale liwu limodzi la chinenerocho, anali ataimirira. "Akuti chiyani ameneyu?"

Wailesi anawafotokozera mwachidule, dzanja likadali pachivindikiro. Bambowo anavula magalasi akuda aja. Anayang'ana mwamunayo, anayang'ana mabotolo ondandalikana pakhoma, kenako anayang'ana mayi wa bala. Mawu awo a m'kalasi aja anawabwerera.

"Uwauze mayiwa kuti ine ndaikapo m'manda ana asukulu anga amene anathera m'nyumba ngati ino. Uwauze kuti mowa umagwetsa nyumba kuyambira kudenga, eni ake ali m'katimo. Ndipo usachotsepo liwu. Pakamwa pako ndikupaona bwino tsopano."

 Kwa Wailesi zinali zosavuta kunena kuti bambo anga akuyamikira ukhondo wa bala yanu, palibe akanadziwa. Koma anali atangowauza dzulo lake kuti iye sanamiza munthu. Anatembenukira kwa Mayi Ayi n'kumasulira zonse, manda, denga ndi eni nyumba omwe, mwaulemu koma osasiyako kanthu.

 Mwamuna uja anabwerera pampando wake akung'ung'udza. Mayi Ayi anaika tambula pansi pang'onopang'ono.

"Uwauze bambo akowo," anatero, "kuti denga akunenalo ine ndimagona pansi pake." Kenako analoza chikwama ndi chibwano. "Longedza katundu wako."

Wailesi analongedza mosafulumira, anapukuta pamene panadonthera madzi, anatsanzika, n'kuwagwira bambo ake mkono. M'galimoto anawadonthezera mankhwala m'maso. Bambowo anakhala chagada akuphethira, madzi akutsikira m'masaya.

"Mayiwo anati chiyani?"

Anawauza. 

"Ndiye kuti ndalalikira munthu amene akuudziwa uthenga kuposa ine," anatero bambowo. "Ndakuonongera ntchito, mwana wanga?"

"Mwaononga bala imodzi, Ababa, imenenso inali isanakhale yanga. Mumzinda muno mabala ali ngati nyerere." Analiza galimoto. "Tatsala ndi masitolo awiri. Mangani lamba."

Nkhani inawafika abwana ake mofulumira, pakuti mwamuna uja anaifalitsa kwa ogulitsa malonda onse. M'mawa mwake kunyumba yosungira katundu anaika foni yawo m'thumba, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Ndinakuuza kuti um'patse mabotolo, iwe wakam'mana ndi kakapu komwe!"

"Lamulo loti woledzera osam'thirira munatiphunzitsa ndinu, bwana, tsiku loyamba lenileni."

"Nanga ulaliki? Unalinso pa maphunziro anga?"

"Ulalikiwo unali wongoonjezera. Sitinawalipiritse."

Abwanawo anafuna kukalipa, koma pakamwa panawapereka ndi kumwetulira, anachita kutembenukira kumakatoni. "Bala imeneyo uiiwale," anatero. "Ndipo mkuluyo azitsala m'galimoto."

Patapita masiku ochepa, Wailesi akusanja mabotolo m'sitolo ina, foni yake inalira. Mawu anali a Mayi Ayi, ndipo sanayambe ndi moni. "Ubwere mawa ndisanatsegule. Ubwere ndi mkulu uja."

Anakapeza mipando ikadali pamwamba pa matebulo, pansi pakadali ponyowa. Mwamuna uja kunalibe. Mayi Ayi anatsitsa mipando itatu yekha, n'kuwapatsa bambowo wokhala ndi khushoni.

"Ogulitsa malonda onse amene amabwera pano," anayamba mayiyo, "amaganiza kuti ndine wakhungu. Amam'pakira mwamuna wanga mabotolo kuseri, ine n'kumakam'tola pansi, mawa lake n'kubwera akundisekerera kuti mayi tigwirizane. Ndiwapatse firiji yanga anthu otero? Iwe unam'mana ine ndikuona. Ndinapsa mtima, usaganize kuti sindinapse. Mwamuna wako akamanyozeka pamaso pa alendo, ngakhale akhale wotani, zimawawa. Koma ndaganiza."

Wailesi ankamasulira pang'onopang'ono kuti bambo ake azitsatira. Bambowo anaweramitsa mutu, kenako anati, "Uwauze kuti ndinalankhula m'nyumba mwawo ndisanafunse za pakhomo pawo. Andikhululukire. Koma mawu aja sindikuwabweza."

Mayi Ayi atamva anaseka, kuseka kwaufupi ngati kutsokomola. "Asawabweze. Ndi anga omwe." Kenako anatembenukira kwa Wailesi. "Nditenga chachikasucho. Madalaivala anga masana amangomwa madzi, mowa sangaukhudze ali pantchito. Chobiriwiracho ndili ndi zofanana nacho zambiri."

Apa Wailesi anakhala tsonga, pakuti tsopano anali pabwalo lake. "Chachikasu chikalowa, chilowe pamzere wapakati, woyang'anana ndi maso."

"Pamenepo pali za anthu ena."

"Zimene zakhala pamenepo mpaka zizindikiro kusuluka. Ndaziona, mayi. Mundipatse mzerewo, ine ndibwere masana amodzi ndidzawalawitse madalaivala onse. Makatoni oyamba akapanda kutha msanga, ndidzatsitsa ndekha mabotolo anga n'kubwezerapo awo."

"Theka la mzere."

"Theka, ndi chithunzi pakhomo."

"Chithunzi ayi."

"Kachithunzi kakang'ono, pafiriji."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati kwawo atsikana onse ndi otero. Wailesi atamasulira, bambo ake anapukusa mutu mwamphamvu. "Uwauze kuti ndi yekhayu. Akanakhala awiri tikanasamuka."

Tsiku lolawitsa, Wailesi anaika tebulo pakhonde la bala, nthawi ya chakudya chamasana. Madalaivala anayamba kubwera mmodzimmodzi, mokayikira, wina akufunsa ngati apolisi sadzam'nunkhiza. Iye ankawaonetsa botolo, kuwaseketsa, kuwafunsa za misewu, ndipo posakhalitsa pakhondepo panali phokoso ngati pamsika. Timakapu tinayamba kum'chulukira. Ali mkati mothira anangoona dzanja lodziwika likundandalika timakapu tina pamzere wowongoka bwino. Bambo ake anali atavula jekete n'kupinda mikono ya malaya. Anali atatenga botolo limodzi lachikasu n'kuliwerenga mbali zonse, ngakhale timalemba ta pansi penipeni, mpaka atapeza ziro wa mowa ndi maso awoawo.

"Zachikasu zokha," anatero osamuyang'ana. "Zobiriwirazo usandiyandikizire."

Analawanso kakapu kamodzi, n'kunena kuti shuga wachepa.

Makatoni oyamba anatha sabata isanathe, ndipo Mayi Ayi anaitanitsa ena. Mwamuna wake anapitiriza kukhala kumapeto kwa kauntala, ndipo Wailesi akalowa ankatembenukira kukhoma. Koma Wailesi ankam'patsabe moni ulendo uliwonse. Abwana ake anadandaula pang'ono kuti chobiriwira sichinalowe, koma ataona mmene chachikasu chikuyendera anatumiza achinyamata ena kumalo onse oimikira matakisi mumzindamo kuti akachite chimodzimodzi. Abwanawo anamuonjezera Wailesi dera latsopano, la kutsidya kwa njanji, kumene kampaniyo inali isanagulitseko botolo ndi limodzi lomwe.

Maso atapola, bambowo anakonzeka kubwerera. Pabwalo la ndege anaima ndi chikwama chawo, akuwerenga mokweza zikwangwani zakutali pongofuna kudzionetsa.

"Ntchito yakoyi sindiikonda," anatero kenako. "Usaganize kuti ndasintha."

"Ndikudziwa, Ababa."

"Koma ndaona mmene umaigwirira." Anam'konzera kolala ya malaya obiriwira aja, imene inali itapindika. "Uzidya mokwanira. Ndipo mayi uja uzikamuona, ngakhale tsiku limene sukukagulitsa kanthu. Alibe wolankhula naye."

Wailesi anawaperekeza ndi maso mpaka analowa, akuyenda okha mosafufuza njira. Kenako anabwerera ku galimoto, anaona ngati madzi oundana m'chikwama akadalipo, n'kulunjika kutsidya kwa njanji.

Kumeneko misewu inali yopapatiza, masitolo ali othithikana, mvula ikuwaza pang'ono. Anaimika galimoto patsogolo pa sitolo yoyamba. Mwini wake, nkhalamba yovala juzi, anali pakhomo akulimbana ndi lona wofunditsira katundu amene mphepo inkafuna kum'landa. Wailesi anasiya chikwama m'galimoto, anathamanga n'kugwira nsonga inayo, ndipo awiriwo anakoka mpaka lonayo anagona pa katundu.

"Mukufuna chiyani, mayi?" inafunsa nkhalambayo ikupuma mwawefuwefu.

"Poyamba timange kaye chingwechi," anatero Wailesi. "Kenako mundionetse firiji yanu."